Bawuti ya tayala ikaduka, simufunika kugula habu yonse

Magalimoto akale monga Prado ndi Hilux Surf amakhala ndi mabawuti 6 pa tayala lililonse. Imodzi ikaduka, otsalawo amalemedwa, ndipo tayala likhoza kuguluka mutanyamula mbatatesi pa misewu ya ku Angónia.

Kukonza kwake n'kotchipa. Pitani nayo yodukayo kusitolo kuti mugule ya mazinga ofanana. Kwezani galimoto ndi jeke, tsamiritsani pa chipika, kenaka chotsani tayala ndi diramu kapena disiki ya mabuleki. Gomolani chotsalira ndi hamala. Lowetsani yatsopano chakumbuyo, ikani mawashala, mangani nati mpaka mutu wa bawuti utakhazikika.

Musawotcherere yodukayo. Pomanga manati musaonjezere paipi ku sipanala, chifukwa ndiyo imadula mabawuti. Mukayenda makilomita 50, imani muone ngati manati sanamasuke.