Amene amasainira baji ya sikawuti: udindo wa akuluakulu odzipereka kwa Nyachikadza

Mwana akavala sikafu ya masikawuti m'khosi, pamkono wa malaya ake patasokedwa kabaji kosonyeza kuti amadziwa kusambira kapena kupereka chithandizo choyamba, anthu a m'mudzi amakakhulupirira kabajiko. Tsiku limene bwato lagubuduka, kapena mnzake wadzitema ndi khasu kudimba, onse amayang'ana kwa iye. Komatu kabajiko sikafika pamalayapo kokha. Pali munthu wamkulu amene anamuyesa mwanayo, n'kulemba dzina lake m'buku, n'kusaina. Nkhani ino ikufotokoza ntchito ya munthu ameneyo ndi ya komiti imene imamuthandiza, makamaka kwa makolo, mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a zipembedzo a m'dera la Mfumu Yaikulu Nyachikadza m'boma la Nsanje amene angafune kuyambitsa kapena kuthandiza gulu lotere.

Gulu la masikawuti linayamba ku England m'mwezi wa August 1907, pamene Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona nawo m'matenti pachilumba cha Brownsea. Anawagawa m'timagulu tinayi, ndipo kagulu kalikonse kankatsogoleredwa ndi mnyamata mnzawo. Chaka chotsatira anatulutsa buku lotchedwa Scouting for Boys, limene linafalitsa gululi m'mayiko ambiri. Baden-Powell anamwalira m'chaka cha 1941 ku Nyeri m'dziko la Kenya, kumene kuli manda ake, ndipo ofesi yoyang'anira masikawuti a mu Africa ili ku Nairobi. Kuno kwathu gululi linafika dziko lino likadali Nyasaland. Linazilala m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene nkhani za achinyamata zinali m'manja mwa Malawi Young Pioneers, ndipo linatsitsimukanso ndale za zipani zambiri zitayamba. Bungwe la Scout Association of Malawi linalandiridwa m'bungwe la masikawuti a dziko lonse lapansi, la World Organization of the Scout Movement, m'chaka cha 2005. Palinso bungwe la atsikana la Malawi Girl Guides Association, limene limayenda pa mfundo zofanana.

Akuluakulu amene amakumbukira nthawi ya apayoniya akhoza kudabwa akaona ana ovala yunifolomu atandanda pamzere. Ayenera kudziwa kuti malamulo a masikawuti amanena poyera kuti gululi si la ndale ndipo munthu amalowa mwa kufuna kwake. Mtsogoleri amene watenga ana ovala masikafu kukaimba pamsonkhano wa chipani waphwanya lamulo la gulu lake lomwe.

Mwana akalowa m'gulu amakwera pang'onopang'ono. M'dongosolo lakale la ku Britain ankayamba pa Tenderfoot, n'kupita pa Second Class, kenaka First Class, ndipo wofika pamwamba penipeni ankatchedwa King's Scout. Masiku ano dziko lililonse limakonza makwerero akeake, koma maziko ndi omwewo. Pali mabaji osonyeza pamene mwana wafika, ndipo pali ena osonyeza luso limodzi limene wadziwa, monga kumanga mfundo za chingwe, kuphika panja, kuwerenga mapu kapena kusamalira wovulala. Zimene mwana ayenera kuchita kuti alandire baji iliyonse zimalembedwa ndi bungwe la masikawuti la dziko lonse. Mtsogoleri wa pamudzi alibe mphamvu yochotsapo kanthu, ndipo alibenso mphamvu yowonjezerapo kanthu. Komiti nayo ilibe.

Mayesero aakulu amabwera pofuna kuchotsapo. M'mudzi onse ndi apachibale. Woyesa amadziwa kuti mnyamata amene waima patsogolo pake ndi mphwake wa a nyakwawa, kapena kuti bambo ake ndi amene amabwereka gulu bwato osalipiritsa. Nthawi zina si mantha ayi, ndi chifundo chabe: anzake onse apambana, yekhayu watsala, misozi ili lengelenge m'maso. Dzanja limafulumira kusaina. M'madera ena kulakwitsa kotereku kumathera pa manyazi. Kwa Nyachikadza kukhoza kuthera pa maliro. Derali lili m'chigwa chenicheni cha mtsinje wa Shire, m'dambo la Ndindi kumalire ndi Mozambique, ndipo munthu amafikako pabwato. Madzi analowa m'midzi ya m'chigwachi mu January 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023. Pakati pa zaka za 2022 ndi 2023 dziko lino linavutikanso ndi mliri waukulu wa kolera. Mwana amene wauzidwa ndi munthu wamkulu, pamaso pa mudzi wonse, kuti amadziwa kupulumutsa womira, adzadziponya m'madzi tsiku la chigumula chifukwa anakhulupirira siginecha ija. Ngati siginechayo inali yabodza, omira adzakhala awiri.

N'chifukwa chake gulu loyenda bwino limakhala ndi miyambo ingapo imene silola kuti ipindidwe. Kholo siliyesa mwana wake, ngakhale litakhala kuti ndilo mtsogoleri wa gulu, limapempha wina. Pa luso limene mtsogoleri salidziwa bwino, amaitana amene amalidziwa. Mlangizi wa zaumoyo kapena munthu wophunzitsidwa ndi bungwe la Red Cross ndiye woyenera kuona ngati mwana akutha kuletsa magazi pabala, kusungunula Thanzi ORS m'madzi a muyeso woyenera kapena kuthira klorini m'madzi akumwa. Msodzi amene wakulira pamadzi ndiye angaone ngati mwana wagwira nkhafi molondola. Ndipo mwana ayenera kuchita chinthucho ndi manja ake woyesa akuona. Kuchifotokoza pakamwa sikukwanira, monga momwe munthu sangatchedwe mlimi chifukwa chodziwa kutchula mayina a mbewu.

Pa za madzi pali china choyenera kunenedwa mosabisa. Shire ndi madambo ake muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi osayenda amafalitsa likodzo. Palibe baji imene ingalungamitse kulowetsa ana m'madzi otere. Ngati malo otetezeka oyesera kusambira sapezeka, bajiyo idikire. Chimene ana angaphunzire bwinobwino ali pamtunda ndicho chimenenso ophunzitsa zopulumutsa anthu amayambira: kuitana akuluakulu, kutambasula ndodo yaitali, kuponya chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, iwo eni osalowa m'madzi. Masikawuti ndi ana. Ntchito yopulumutsa anthu pa chigumula ndi ya makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi, apolisi, asilikali ndi nthambi ya boma ya DoDMA. Ana angathandize pofalitsa uthenga wochenjeza, kuloza njira yopita kumtunda ndi kusamalira ang'ono awo kumsasa.

Vuto lina, limene silionekera msanga, ndi la wowonjezera. Pali atsogoleri amene amaganiza kuti baji imalemekezeka ikamavuta kupeza, choncho amafuna kuti mwana ayankhe m'Chingerezi, kapena akhale ndi yunifolomu yathunthu, kapena abwerezenso mayeso amene anapambana kale. Mwana amene wafotokoza m'Chisena kapena m'Chimang'anja mmene angathandizire wolumidwa ndi njoka, n'kuonetsa ndi manja, wadziwa. Mwana wa mlimi wa kudimba amafika m'gulu akudziwa kale kupalasa mwadiya, kukoleza moto kunja kuli mphepo ndi kuona kusintha kwa madzi, zinthu zimene mnzake wa m'tauni amaphunzira m'buku. Mtsogoleri wanzeru amayambira pamenepo. Mwana wolumala naye amayesedwa m'njira yogwirizana ndi mphamvu zake, motsatira malangizo a bungwe, osati kubwezedwa pakhomo.

Mwana akapambana, asanavekedwe baji, ndi bwino kuti akuluakulu awiri kapena atatu akhale naye pansi n'kucheza. Amenewa si mayeso achiwiri. Amamufunsa zimene waphunzira, zimene zamuvuta ndi mmene akuonera gulu lake. Macheza otere amaulula zambiri za mtsogoleri kuposa za mwanayo. Ana asanu akanena motsatizana kuti papita miyezi itatu osatuluka panja kukachita kanthu, komiti yamva zimene lipoti silikananena. Kenaka baji iperekedwe msanga, pamaso pa makolo. Kwa mwana wa zaka 12, kudikira theka la chaka n'chimodzimodzi kumanidwa.

Zonsezi zimalembedwa, ndipo kwa Nyachikadza funso la kumene buku likhale si laling'ono. Kope limodzi losungidwa m'nyumba ya mlembi likhoza kupita ndi madzi usiku umodzi, pamodzi ndi ntchito ya ana ya zaka zitatu. Ndi nzeru kukhala ndi makope awiri, lina likhale kwa munthu wodalirika kumtunda, onse okutidwa m'pulasitiki, ndiponso kujambula masamba ake pafoni mwezi uliwonse. Mabanja ambiri a m'chigwachi amakhala moyo wa malo awiri, kudimba ndi kumtunda, ndipo boma lakhala likulimbikitsa anthu a m'madera osefukira kuti asamukire kumalo okwera. Mwana akhale ndi khadi lakelake losonyeza pamene wafika, kuti akasamuka akapitirire pomwepo m'gulu lina, osati kuyambiranso pansi.

Tsopano za komiti. Imakhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi makolo ena ochepa, ndipo ndi bwino kuti amayi akhalemo okwanira. Ntchito yake ndi kupezera gulu malo okumanirako, zipangizo, ndalama ndi atsogoleri abwino. Kusankha zimene ana achite Loweruka si ntchito yake. Zimenezo amakonza ndi atsogoleri a timagulu, amene ndi ana okhaokha, mothandizidwa ndi mtsogoleri wamkulu. Izi zimawavuta akuluakulu ambiri, chifukwa mwambo wathu unazolowera kuti mwana amve ndipo wamkulu alankhule. Koma komiti ikalanda ntchito imeneyi, gulu limasanduka kalasi wamba ndipo ana okulirapo amayamba kuthawa.

Magulu ambiri a m'midzi amagwa pa ndalama, ndipo alimi ndi amalonda amene analowapo banki mkhonde akudziwa kale mankhwala ake. Ndalama iliyonse ilembedwe polowa ndi potuluka. Potulutsa pakhale anthu awiri ovomereza, ndipo asakhale a banja limodzi. Ngati zopereka zikudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mauthenga ake asafufutidwe, awerengedwe pamsonkhano. Mtsogoleri wophunzitsa ana asakhalenso wosunga thumba. Kholo limene lapereka mbatata, nyemba kapena nsomba m'malo mwa ndalama lilembedwe kuti lapereka. Koma chopereka chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, chilibe mawu pa baji ya mwana. Komiti ikhoza kusonkhetsa ndalama zogulira kansalu ka baji. Siingagulitse kupambana kwake.

Onse otchulidwa pano ndi ongodzipereka. Salandira malipiro, ndipo amene akulowa m'komiti akuyembekezera alawansi auzidwe zoona tsiku loyamba, asanakhumudwe n'kukhumudwitsa ena. Chifukwa choti ndi alimi, asodzi ndi amalonda, misonkhano iyenera kulemekeza kalendala ya kudimba. Madzi akaphwa anthu n'kuyamba kubzala, msonkhano wa maola anayi ndi chilango. Ntchito igawidwe kwa anthu ambiri, chifukwa gulu lodalira munthu mmodzi limatha tsiku limene iye wadwala kapena wasamuka. Atsogoleri amafunikanso maphunziro. Kuyambira m'chaka cha 1919, pamene maphunziro oyamba anachitikira ku Gilwell Park kufupi ndi London, mtsogoleri amene wamaliza maphunziro onse amavala timikanda tamtengo totchedwa Wood Badge. Komiti yabwino imafunsa ku bungwe la masikawuti za maphunziro otere ndipo imathandiza mtsogoleri wake pa ndalama ya ulendo.

Udindo wolemera kuposa onse ndi wosankha munthu amene adzakhale ndi ana. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza mwana ku nkhanza za mtundu uliwonse, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. M'chaka chomwecho msonkhano wa masikawuti a dziko lonse umene unachitikira ku Baku unavomereza ndondomeko yoteteza ana yotchedwa Safe from Harm. Pamudzi zimenezi zikutanthauza kuti komiti ifufuze mbiri ya munthu isanamulole, kwa mfumu, kusukulu ndi kumene amapemphera. Munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika, ngakhale poyesa baji. Mayeso achitikire poonekera. Pamene pali atsikana pakhale mtsogoleri wamkazi. Ulendo wokagona kunja kapena wowoloka pabwato ukhale ndi chilolezo cha kholo lililonse, ndipo bwato lisadzazidwe mopitirira muyeso pofuna kusunga ndalama. Mwana akadandaula kuti wachitidwa nkhanza, nkhaniyo si ya komiti kuiweruza, ndipo sithera pa chindapusa cha mbuzi. Ipite kupolisi, ku ofesi ya chisamaliro cha anthu kapena pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Gulu lililonse liyenera kulembetsa ku Scout Association of Malawi kapena ku Malawi Girl Guides Association lisanayambe kupereka mabaji, apo ayi mabajiwo sadzazindikirika kwina kulikonse. Mabungwe a achinyamata m'dziko muno amayang'aniridwa ndi National Youth Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Mudzi, sukulu, mpingo kapena mzikiti umene ukufuna kuyamba ukambirane kaye ndi mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka utumize anthu awiri ku ofesi ya achinyamata pa boma la Nsanje, atanyamula mayina a akuluakulu odzipereka ndi chiwerengero cha ana amene makolo awo avomereza.