Kodi mumadziwa? Mpweya woseketsa ndi mlandu ku Britain

Mpweya woseketsa wa nitrous oxide, womwe madokotala a mano amachepetsera ululu ndiponso amayi ena amapuma pobereka, ukhoza kumulowetsa munthu m'ndende ku Britain. Kuyambira pa 8 Novembala 2023, boma linauika m'gulu C la mankhwala ozunguza bongo. Wopezeka nawo n'cholinga choledzera akhoza kulipira chindapusa kapena kukaseweza zaka mpaka 2, pomwe wogulitsa akhoza kukakhala zaka 14. Lamulo la 2016 linkangoletsa kugulitsa, choncho achinyamata ankaupopera m'mabaluni n'kumaukoka poyera, timabotolo tachitsulo tili mbwee m'misewu ya London.

Dziko la Netherlands linatsogola kale kuletsa mpweyawu, pa 1 Januwale 2023.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mpweyawu umalepheretsa vitamini B12 kugwira ntchito m'thupi. Mitsempha ya kumsana imawonongeka, miyendo imachita dzanzi, ndipo achinyamata ena afika polephera kuyenda chifukwa cha chisangalalo cha kamphindi chabe. Zipatala, komanso ophika amene amafufumitsira kirimu wa pamakeke, akuloledwabe kuugula.