Nyumba yomva mawu idafika kale, koma ikumvera ndani?

Mwina nanunso mudaionapo kanema ija imayendayenda pa TikTok ndi pa Facebook. Mnyamata walowa m'nyumba manja ali m'thumba, wangoyankhula mawu awiri atatu a Chingerezi, magetsi ngwee, makatani akudzikoka okha, fani yayamba kuzungulira. Sadakhudze swichi ngakhale imodzi. Amene adagonapo ku Liwonde mwezi wa October kapena November, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukuimba kunja kwa neti, akudziwa chifukwa chake kanema yotere imakoka mtima. Kutuluka mu neti pakati pa usiku kuti ukayatse fani ndi nkhondo. Ndani angakane kungoti "fani, zungulira" ali chigonere?

Ine sindingakane. Koma ndisadatulutse ndalama, ndili ndi funso limodzi limene makanemawa safunsa: nyumba yotereyi imamvera ndani kwenikweni?

Tiyambe ndi momwe zimayendera, poti ambirife timangoona ngati matsenga. Kampani ya Amazon idatulutsa kasipika kake kotchedwa Echo mu 2014, ndipo mawu amene amayankha m'katimo ndiye Alexa uja. Google idatsatira ndi kake mu 2016, pamene Siri wa Apple adayamba kale mu 2011 pa iPhone. Kasipikako kali ndi timaikolofoni timene timakhala tcheru usana ndi usiku kudikira kuti wina atchule dzina lake. Mukalitchula, kamajambula zimene mwanena n'kuzitumiza pa intaneti ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo kunja kwa dziko lino. Kumeneko ndiye mawu anu amakamasuliridwa. Lamulo likachoka uko, nthawi zambiri limadutsanso pa makompyuta a kampani ina imene idapanga babu kapena pulagi yanu, kenako n'kubwerera ku Liwonde kudzazimitsa babu limene lili pamwamba pa mutu wanu. Babu lili mamita awiri kuchoka pabedi, koma uthenga wawoloka nyanja zamchere, kupita ndi kubwera.

Ndiye kuti pafunika magetsi, pafunika Wi-Fi, pafunika bandulo yosatha msanga, pafunika netiweki, komanso kampani ya kutsidyako ikhale ili maso. Chimodzi chikangoduka, nyumba yagontha.

Za magetsi n'zoseketsa pang'ono kuzikamba uli ku Liwonde, chifukwa swichi yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno ili konkuno. Kamuzu Barrage, imene idamangidwa mu 1965 pa mtsinje wa Shire, ndiyo imasunga ndi kutulutsa madzi amene amakazunguza makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pomwepo ndi pamenenso amakola namasupuni ndi zinyalala zina kuti zisakatseke makinawo. Zitseko za pa Baraji sizimva mawu a munthu, zimamva mvula. Nyanja ya Malawi itatsika mu 2017, tonse tidalawa mdima wa maola ambirimbiri. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo padatha chaka ndi miyezi makinawo asadabwerere. Komanso tisaiwale kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amaunikira magetsi. Ena onse ndi tochi, sola, kandulo.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa satchula. Babu lomvera foni limafuna kuti swichi ya pakhoma ikhale yoyatsa nthawi zonse, apo ayi silimva chilichonse. Ndipo mababu ambiri otere, magetsi akathima n'kubwera, amangoyaka okha pokhapokha mutawasintha mu apu. Taganizani magetsi abwera 2 koloko usiku, nyumba yonse ngwee ngati pali ukwati, mwana wadzuka, inu mukukuwira kasipika kamene nakonso kakudikira Wi-Fi idzuke.

Intaneti nayo si yodalirika kwa wina aliyense. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zidaduka, ndipo intaneti idakwawa m'maiko angapo a chigawo chino, Malawi yemwe. Ku America nako, mu October 2025 makompyuta a Amazon atasokonekera kwa maola angapo, anthu ena amene adagula mabedi amakono a kampani ya Eight Sleep adadandaula kuti mabediwo adangokakamira kutentha, ena ali chiimire, osatheka kuwatsitsa. Bedi lako lomwe, wagula ndi ndalama zako, likukana kukumvera chifukwa kompyuta ya ku Virginia yadwala.

Apa ndiye pali nkhani yanga. Timaganiza kuti nyumba yoyendera makina anzeru ndi za ku London kapena ku Area 43 ku Lilongwe, chonsecho idafika kale ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe, mpaka m'midzi imene mapolo a magetsi sadafikeko. Kungoti siyankhula.

Taonani mita ya mayunitsi ili pakhoma panu. Mumagula pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mumalandira manambala 20, mumalowetsa, magetsi abwera. Mayunitsi akatha imadula yokha, palibe wobwera ndi makwerero, palibe wompepesa. Ndiye taonaninso sola ya ngongole ija makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE amagulitsa. Mumapereka kachiyambi, amakupatsani panelo, batire, mababu, mwina ndi wailesi kapena TV. Kenako mumalipira pang'onopang'ono pa foni. Mukalipira, kabokosi kamatseguka kwa masiku amene mwalipirawo, kaya polowetsa manambala amene abwera pa meseji, kaya kudzera pa netiweki. Masiku akatha musadalipire, kamadzitseka. Dzuwa laswa tsiku lonse, batire ladzadza, koma babu siliyaka. Mukamaliza ngongole yonse ndiye kamatseguka mpaka kalekale.

Sindikunyoza njira imeneyi ayi. Yaika kuwala m'nyumba zambiri zimene zikadadikira mapolo zaka zosawerengeka, ana akuwerenga usiku, mafoni akutchajidwa pakhomo. Boma nalo, ndi ndalama za World Bank, lidakhazikitsa thumba la Ngwee Ngwee Ngwee kuti makampani a sola afikire mabanja ambiri. Popanda loko uja, palibe kampani ikadakhulupirira mlimi wa mpunga wa ku dambo amene alibe akaunti ku banki. Koma tizitchula zinthu ndi maina ake: luso loyamba lamakono limene lalowa m'nyumba ya Mmalawi wamba ndi loko, ndipo kiyi ali kwa wogulitsa. Mu February, chimanga chikatha m'nkhokwe ndipo ndalama ya sola yapita ku chigayo, nyumbayo imamvera ofesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, osati mwini wake. Mafoni a ngongole nawo ndi chimodzimodzi, mochedwa kulipira sikirini yatseka.

Tsono tibwere ku mawu enieniwo. Alexa amamva Chingerezi, Chijeremani, Chifalansa, Chihindi, Chiarabu ndi zinenero zina zowerengeka. Chichewa mulibe. Chiyao, chimene mumamva paliponse mu msika wa Liwonde, ndiye tisanene. Ngakhale Chingerezi chathuchi chimamuvuta. Ife "l" ndi "r" timawasinthanitsa mwaufulu kuyambira kalekale, ndipo palibe amene amasochera, koma makina amene adaphunzira kumva pa malilime a ku Seattle amangoti kakasi.

Wina anganene kuti, aaa, si nkhani, achinyamata Chingerezi timachitha. Zoona. Koma amene akufunikadi nyumba yomva mawu si ifeyo, amene miyendo ili bwinobwino ndipo swichi tikuiona. Ndi agogo amene maso adachita khungu, amene akadzuka usiku amapapasa khoma. Ndi bambo amene adafa ziwalo mbali imodzi. Ndi mayi amene sadapite patali ndi sukulu, amene apu yodzadza ndi zilembo ndi chipupa kwa iwo, koma pakamwa ali bwino kuposa tonsefe. Kwa anthu amenewa, kuyatsa babu ndi mawu si matama, ndi ufulu. Ndipo ndi omwewo amene makinawa sawamva.

Kwathu kuno "Alexa" wa agogo ndi mdzukulu. "Iwe, tazimitsa nyaliyo!" ndipo yazima. Amamva Chichewa, amamva Chiyao, amamva ngakhale kutsokomola. Koma mdzukuluyo amakula, amapita ku Zomba kusukulu, amapita ku Joni, agogo n'kutsala ndi khoma lawo.

Kuti makina amve chinenero, amafunika kumvetsera maola ambirimbiri a anthu akuyankhula, amuna ndi akazi, ana ndi akulu, ndipo wina akhale pansi kulemba liwu lililonse limene lanenedwa. Chingerezi chili ndi nkhokwe zodzadza. Chichewa chili ndi kochepa, ndipo chili ndi zovuta zakezake: "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa sopo zimalembedwa chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa kakwezedwe ka mawu. Onjezani kuti m'chiganizo chimodzi timasakaniza zinenero ziwiri zitatu osazindikira n'komwe. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolemba ndi kumva munthu akuyankhula pamene nkhuku zikulira panja ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Sikuti n'zosatheka. Ku Balaka komweku, mu 2011, bungwe la VillageReach lidayambitsa Chipatala Cha Pa Foni, kumene mayi woyembekezera amaimba ulere n'kuyankhula ndi wazaumoyo m'chinenero chake. Ntchitoyi idafalikira dziko lonse ndipo idalowa m'manja mwa boma. Kumeneko woyankha ndi munthu, koma zidaonetsa kuti Mmalawi ukamupatsa mpata woyankhula, osati wolemba, amaugwiritsa ntchito. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidatulutsa Ulangizi, makina oyankha mafunso a alimi pa WhatsApp, amene amalandira ndi mawu a Chichewa omwe. Ngati makina angamve funso la mbozi za m'chimanga, "yatsa babu" ndi chiganizo chachifupi kwambiri. Babu silifuna kumva Chichewa chonse, mawu 20 kapena 30 akwana, ndipo mawu ochepa chonchi kachipangizo kangathe kuwazindikira komweko m'nyumba popanda intaneti. University of Malawi, imene ili ndi Centre for Language Studies, ili pa Zomba pomwepa, ulendo wa ola limodzi pa minibasi kuchoka ku Liwonde. Anyamata okonza mafoni mu msika sasowa luso la waya. Chikusowa ndi wowalumikiza.

Za khutu limene silitseka lija, tinene mwachidule. Mu 2019 zidaululika kuti antchito a Amazon ankamvetsera zina mwa zojambulidwa za Alexa pofuna kukonza makinawo, ndipo mu 2023 kampaniyo idavomera kulipira madola 25 miliyoni ku America pa nkhani yosunga mawu a ana. Kuno tili ndi lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, Data Protection Act ya 2024, limene woliyang'anira ndi MACRA, koma mawu anu akawoloka nyanja, kuwalondola si masewera. Amene timakhala nyumba za mdadada zopanda siling'i tinganene kuti aneba amamva kale zonse, koma aneba sasunga pa kompyuta. Ndipo khutu lina lili pafupi kuposa la Amazon. Kamera ya pa geti imene munthu ali ku Joni watumiza kuti aziona mbava, imaonanso nthawi imene mkazi wake watuluka ndi nthawi imene wabwera. Amene ali ndi apu ndiye ali ndi nyumba. Musadalole landilodi kapena wachibale kuika chipangizo, funsani pasiwedi ili kwa ndani.

Ndiye tisagule? Gulani, koma yambani ndi zimene sizipempha chilolezo kunja. Ine nditakhala ndi ndalama yochepa, choyamba ndi kachipangizo koteteza firiji kaja, kamene magetsi akabwera kamadikira mphindi zingapo kasadawalole kulowa. Sikaoneka bwino pa TikTok, koma kamapulumutsa firiji ya mayi wogulitsa mafirizesi ndi thobwa lozizira. Babu la panja limene limayaka lokha kukada n'kuzima kukacha silifuna bandulo. Nyali ya sola imene imayaka munthu akadutsa ndi yabwino panjira ya kuchimbudzi, makamaka kwa amene ali kufupi ndi Shire, kumene mvuu zimayenda usiku ngati kwawo. Ziliponso swichi zoikamo simukhadi zimene zimayatsa pampu ndi meseji wamba, ngakhale kuchokera pa kafoni ka mabatani.

Pulagi yomvera foni nayo ili ndi ntchito yake, koma werengani manambala ali pambuyo pake. Zambiri zotchipa ndi za 10A: fani, TV ndi babu zili bwino, koma hotipuleti kapena ketulo ikhoza kuisungunula. Zochokera ku Joni zambiri zimabwera ndi mano ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona, ndipo kukakamiza ndi adaputa yotayirira ndiko kuitana moto. Pa bokosi yang'ananinso dzina loti Matter. Ndi mgwirizano umene makampani akuluakulu adakhazikitsa mu 2022 kuti zipangizo zawo zizimvana, ndiponso kuti malamulo wamba monga kuyatsa ndi kuzimitsa azitheka m'nyumba momwemo osazungulira kunja.

Wogulitsa akakutsimikizirani kuti zonse zili bhobho, musakangane naye. Mupempheni alumikize babulo mu shopu momwemo, liyake. Kenako achotse intaneti pa rauta, inu muzimitse data pa foni yanu, ndipo muyese kulizimitsa.