Maulendo a tchuthi otsitsidwa mtengo: phindu lenileni kapena nyambo?

BLANTYRE – Chaka chilichonse, kuyambira pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala kufikira nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, anthu okhala mumzinda wa Blantyre amakumana ndi zikwangwani komanso mauthenga a pa lamya ndi pa intaneti olengeza kuti mitengo ya maulendo a tchuthi yatsitsidwa.

Mauthengawa amapezeka pakati pa mzinda, ku Chichiri ngakhalenso ku Limbe, ndipo amafika m'manja mwa anthu a ku Namiwawa, Chilomoni, Kanjedza ndi Machinjiri mofanana. Ena amalonjeza masiku atatu ku nyanja ku Mangochi pa theka la mtengo, ena ulendo wa pa sitima pa Nyanja ya Malawi, pomwe ena amakopa anthu ndi maulendo a sitima zikuluzikulu zonyamuka ku Durban m'dziko la South Africa kupita ku zilumba za ku Mozambique.

Kwa wogwira ntchito m'boma yemwe amadalira malipiro a pamwezi ndi kandalama ka tchuthi, nkhaniyi si yaing'ono. Ulendo umodzi wa banja utha kudya malipiro a miyezi ingapo, ndipo umadza pa nthawi yomwe fizi ya ana ya mu Januwale ndi feteleza wa kumudzi zikudikira. N'chifukwa chake n'kofunika kumvetsa momwe mitengoyi imapangidwira.

Chifukwa chomwe mitengo imatsikira

Kutsitsa mtengo kwina n'koona, ndipo kuli ndi chifukwa chomveka pa malonda. Chipinda cha hotela chomwe sichinagonedwe usiku wa lero sichingasungidwe kuti chikagulitsidwe mawa monga thumba la chimanga. Chimodzimodzinso sitima: ikanyamuka pa doko, mafuta ndi malipiro a antchito zimakhala zomwezo kaya yadzaza kaya ili ndi malo opanda anthu. Mwini malonda amaona kuti kuli bwino kulandira ndalama zochepa kusiyana n'kusalandira kanthu.

Kaamba ka ichi, mitengo imatsikadi pa nthawi yomwe alendo ndi ochepa: pakati pa sabata, m'miyezi ya mvula ya Januwale mpaka Malichi, komanso masukulu akatsegulira. Malo ambiri ogona alendo m'dziko muno alinso ndi mtengo wa Amalawi womwe ndi wotsikirapo poyerekeza ndi wa alendo ochokera kunja, zomwe zimagwirizana ndi mfundo ya boma yolimbikitsa anthu kuyendera malo okopa alendo a m'dziko lawo lomwe pa mutu woti Tidziyamba Ndife Amalawi.

Koma mfundo yomweyi ikusonyezanso pomwe pali pokayikitsa. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa Tsiku la Anakubala, malo a ku Mangochi, Cape Maclear ndi Salima amadzaza okha. Wamalonda alibe chifukwa chachikulu chochepetsera phindu lake pa nthawi yomwe makasitomala akulimbirana zipinda. Choncho uthenga wolonjeza theka la mtengo pa nyengo yotere uyenera kuunikidwa mofatsa.

Mtengo wakale unali uti?

Njira yodziwika kwambiri yokopera ogula ndi yolemba mitengo iwiri, wakale wokhwatchidwa ndi watsopano pambali pake. Vuto ndi loti wogula kawirikawiri sadziwa ngati mtengo wokhwatchidwawo unagwirapo ntchito.

Mwachitsanzo, chipinda chomwe chinali pa K200,000 mwezi wonse wa Okutobala chitha kukwezedwa kufika pa K300,000 mu Novembala, kenako mu Disembala n'kulengezedwa kuti chatsitsidwa ndi 30 peresenti. Mtengo watsopanowo ndi K210,000, kutanthauza kuti wogula walipira K10,000 yoonjezera pa mtengo wa mu Okutobala, uku akukhulupirira kuti wapulumutsa K90,000.

Mchitidwewu si wa kuno kokha. Bungwe loimira ogula la Which? la ku Britain lakhala likufufuza mitengo ya pa tsiku la Black Friday kwa zaka zingapo, ndipo lapeza mobwerezabwereza kuti katundu wochuluka kwambiri yemwe amati watsitsidwa pa tsikulo amapezeka pa mtengo womwewo, kapena wotsikirapo, nthawi zina za chaka. Maiko a mu European Union anachitapo kanthu: kuyambira Meyi 2022, wogulitsa katundu akalengeza kuti watsitsa mtengo amayenera kuonetsa mtengo wotsikitsitsa womwe anagulitsira katunduyo m'masiku 30 a m'mbuyo.

Ku Malawi nkhaniyi imavuta kwambiri kaamba ka kukwera mitengo kwa zinthu, komwe mu 2024 kunapitirira 30 peresenti. Mitengo ikamasintha mwezi ndi mwezi, wogula amalephera kusiyanitsa kukwera kwenikweni ndi kongopangira malonda. Chomwe chingamuthandize ndi kufunsa mtengo wa malo omwewo miyezi iwiri kapena itatu nyengo ya zikondwerero isanafike, n'kuusunga.

Zomwe sizilembedwa pa chikwangwani

Njira yachiwiri ndi yolengeza gawo chabe la mtengo. Mawu akuti "kuyambira pa" amatanthauza chipinda chotsika mtengo kwambiri, pa tsiku lomwe anthu salifuna, ndipo zipinda zotero zimakhala zowerengeka. Nthawi zambiri mtengowo umakhala wa munthu mmodzi pomwe anthu awiri akugona chipinda chimodzi, kotero banja liyenera kuchulukitsa kawiri, ndipo woyenda yekha amalipira zoonjezera.

Ku malo ogona alendo m'dziko muno, wogula ayenera kufunsa ngati mtengo ukuphatikiza msonkho wa VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, ngati chakudya ndi cham'mawa chokha kapena cha tsiku lonse, komanso ngati kukwera boti ndi kulowa mu Lake Malawi National Park zili momwemo. Palinso mafuta a galimoto: kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde kukafika ku Mangochi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo ku Monkey Bay ndi kutsogolo.

Pa maulendo a sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere, zoonjezerazi zimakhala zambiri. Kampani ya MSC Cruises imayendetsa sitima m'nyengo yotentha kuchokera ku Durban, komwe kuli doko la alendo la Nelson Mandela Cruise Terminal, kupita ku malo monga Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique. Mtengo wotsikitsitsa pa maulendo a mtunduwu umakhala wa chipinda cha mkati chopanda windo. Pamwamba pake pamabwera ndalama ya doko, inshuwalansi, ndalama ya tsiku ndi tsiku yothokozera antchito, zakumwa, intaneti ndi maulendo okaona malo sitima ikaima. Ngakhale polengeza kuti ana akwera ulere, makolo amalipirabe ndalama ya doko ndi inshuwalansi ya anawo.

Izi sizichitika mwangozi. Malipoti a zachuma a makampani akuluakulu monga Carnival ndi Royal Caribbean amasonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe amapeza limachokera ku zomwe anthu amagula ali kale m'sitima. Tikiti yotchipa ndi khomo lolowetsera kasitomala mu sitolo yomwe sangatulukemo kwa masiku angapo. Pofuna kuthana ndi mchitidwe wobisa ndalama zokakamiza, dera la California ku America linakhazikitsa lamulo mu Julayi 2024 loti mtengo wolengezedwa uziphatikiza ndalama zoterezi, ndipo dziko la Britain linayamba kugwiritsa ntchito lamulo lofanana nalo mu Epulo 2025.

Kwa munthu wa ku Blantyre pali ndalama inanso yomwe siionekera konse pa uthengawo: tikiti ya ndege kuchoka ku Chileka kupita ku Johannesburg, ulendo wofika ku Durban, ndi malo ogona usiku umodzi sitima isananyamuke. Zimenezi zitha kuposa mtengo wa tikiti ya sitimayo.

Ilala ndi nyengo za pa nyanja

Ulendo wa pa sitima womwe Amalawi ambiri angaufikire ndi wa Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo inayamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi mu 1951. Ikakhala pa ndondomeko yake, imachoka ku Monkey Bay kamodzi pa sabata kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Ili ndi malo osiyanasiyana, kuyambira zipinda zogona ndi malo a pamwamba mpaka malo otchipa a pansi omwe anthu amakhala pamodzi ndi katundu.

Munthu wogula ulendo wa pa Ilala kudzera kwa wina ayenera kufunsa kuti tikitiyo ndi ya malo ati, ndi kuyerekeza ndi mtengo wa ku ofesi ya sitimayo. Ayeneranso kudziwa kuti Ilala ndi sitima ya anthu ndi katundu, yomwe imachedwa pa madoko ndipo nthawi zina imaimitsidwa kuti ikonzedwe. Yemwe walipiriratu malo ogona ku Likoma ayenera kudziwa chomwe chidzachitike ndi ndalama yake sitima ikapanda kufika pa tsiku lake.

Nyengo nayo imakhudza mtengo. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawindula nyanja, ndipo maboti ang'onoang'ono salowa m'madzi mwachisawawa. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba za malo ena ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mtengo wotsika pa nthawi ngati zimenezi ndi woona, koma chomwe munthu akugula nachonso chachepa.

Kwacha, ngongole ndi kubweza ndalama

Maulendo a kunja amawerengedwa mu dola kapena mu randi. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ulendo wa madola 500 wotsitsidwa kufika pa madola 400 unali K472,000 kwacha isanagwe. Yemwe anali asanalipire anapeza kuti madola 400 omwewo asanduka K680,000, kuposa K590,000 yomwe inali mtengo wosatsitsa sabata imodzi m'mbuyomo. Kumbali ina, kulipiriratu mtengo wokhazikika mu kwacha ku malo odalirika a m'dziko muno kutha kukhala phindu lenileni pomwe mitengo ikukwera.

Ngongole nayo imafufuta phindu. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amaika chawo pamwamba pa chimenechi. Mwachitsanzo, ulendo wa K1,000,000 ukatsitsidwa ndi 15 peresenti umakhala K850,000. Munthu akakongola ndalamayi n'kubweza ndi chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa ndalama yonse, amalipira K1,105,000. Ogwira ntchito m'boma, omwe amapeza ngongole mosavuta chifukwa zimadulidwa ku malipiro, ndi omwe ali pa chiopsezo chachikulu pa nkhaniyi.

Matikiti otsitsidwa mtengo amakhalanso ndi malamulo okhwima. Ambiri salola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama, zomwe ndi zovuta kwa munthu yemwe tchuthi chake chitha kuimitsidwa ndi ntchito kapena maliro. Mu 2020, maulendo a sitima ataimitsidwa kaamba ka Covid-19, makasitomala ambiri pa dziko lapansi anapatsidwa zikalata zodzayendera mtsogolo m'malo mwa ndalama zawo. Mu Seputembala 2019 kampani yakale kwambiri ya Thomas Cook ya ku Britain inagwa, n'kusiya anthu pafupifupi 600,000 ali pa tchuthi m'maiko a eni.

Zomwe malamulo akunena

Malamulo a dziko lino amaletsa kunamiza ogula pa mtengo kapena pa chomwe akugula. Pali lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 lomwe linalowa m'malo mwa la 1998. Lamulo latsopanoli linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolamula kampani yolakwa kubweza ndalama komanso kulipira chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe kampaniyo imapeza pa chaka. Bungwe la Consumers Association of Malawi, lomwe lili ku Blantyre, nalonso limalandira madandaulo a ogula.

Koma dandaulo limayenda bwino pakakhala umboni. Wogula ayenera kusunga chithunzi cha uthenga womwe unamukopa, kupempha kalata yosonyeza mtengo wonse ndi zonse zomwe zilimo, komanso kulandira lisiti. Ndi bwino kuonetsetsa kuti kampaniyo ili ndi ofesi yodziwika ndi chiphaso cha boma, ndi kuimbira lamya hotela kapena eni sitima kutsimikiza kuti dzina lalembedwadi. Uthenga wokakamiza munthu kutumiza ndalama lero lomwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ku nambala ya munthu wamba, kapena wonena kuti wapambana ulendo pa mpikisano womwe sanalowe nawo, ndi chizindikiro cha akathyali.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Muyeso wabwino ndi ndalama yonse yomwe ituluke m'thumba kuchoka pakhomo mpaka kubwerera, poyerekeza ndi ya malo ena awiri kapena atatu pa masiku omwewo. Ndalamayo ikakhala yotsikadi, ulendowo unali kale m'malingaliro a banja, ndipo ulipiridwa popanda ngongole, pamenepo kutsitsa mtengoko kuli ndi phindu.