Liwombo ndi Chiyambi cha Mafupa a Munthu

Mwana akabadwa m'nyumba za m'munsi mwa phiri la Soche, agogo amamlandira m'manja, namuyang'ana zala ndi mapazi, ndipo potsiriza amamsisita pamutu kuti aone ngati liwombo likugunda bwino. Mwambo umenewu uli ndi nzeru yake, pakuti pa liwombo pamaonekeradi za moyo wa mwana. Komabe ambiri a ife tikaona malo ofeŵawo timagwidwa ndi mantha, poyesa kuti mutu ngwong'ambika ndipo ukufuna mankhwala outseka. Tiyeni tsono tione m'mene mafupa amapangikira m'mimba, kuti timvetse kuti kufeŵa kumeneku si matenda ai, ndiponso kuti tidziŵe pamene kholo liyenera kuthamangira kuchipatala.

Munthu aliyense amayamba ngati selo limodzi, kanthu kochepa ngati kanjere ka mchenga wosalala, kamene kamapangika mbewu ya bambo ikakumana ndi dzira la mayi. Selolo limagaŵikana paŵiri, kenaka panayi, ndipo pakatha pafupifupi mlungu umodzi kagulu ka maselo, kamene timati mluza, kamakhazikika m'chibaliro. Masiku amene titchule pano tikuŵerenga kuyambira pa kukumana kumeneko. Kusikelo amaŵerenga kuyambira msambo wotsiriza, motero chiŵerengero chawo chimaposa chathu ndi milungu 2.

M'mlungu wachitatu mluza umasanjika m'magawo atatu, ngati mphasa zitatu zoyalidwa pamodzi. Gawo lapamwamba limadzakhala khungu ndi bongo, lapansi limayala m'kati mwa matumbo ndi mapapo, ndipo lapakati ndilo limabala magazi, minofu ndi mafupa ambiri. Timibulu ta maselo timandandalika mbali zonse ziŵiri za pamene padzakhale msana, ngati mikanda pa ulusi, ndipo m'timibulu timeneti ndimo mumachokera mafupa a msana ndi nthiti. Cha pa tsiku la 22 mtima umayamba kugunda, ndipo pofika tsiku la 28 kanjira kamene kadzakhale bongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana kamakhala katatsekeka.

Apa tiime pang'ono. Zonsezi zimachitika mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Kanjira kaja kakalephera kutsekeka, mafupa a msana nawonso sakumana, ndipo mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, kaŵirikaŵiri ali ndi miyendo yofooka. M'chaka cha 1991 kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain anaonetsa kuti vitamini wotchedwa folic acid amachepetsa kwambiri chilema chimenechi. Koma kuti vitamini ameneyu athandize, ayenera kukhala m'thupi mayi asanaime ndiponso m'milungu yoyambirira. Tsono mwambo wathu wobisa mimba kufikira itaonekera uyenera kuganiziridwa bwino: kubisira anansi n'kotheka, koma kubisira anamwino n'kudzimana chithandizo.

Kumapeto kwa mlungu wachinayi timphukira ta mikono ndi miyendo timatuluka. M'mlungu wachisanu ndi chimodzi maselo a m'kati mwa timphukirato amaundana nasanduka chichereŵechereŵe, chinthu cholimba pang'ono koma chopindika, chonga chija timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku. Monga mmisiri amayamba waimika mitengo ndi nsungwi asanamate nyumba, thupi nalonso limayamba laumba chifanizo cha fupa lililonse la mkono ndi mwendo ndi chichereŵechereŵe. Kusiyana kwake n'kwakuti m'thupi chifanizocho chimachotsedwa pang'onopang'ono: mitsempha ya magazi imaloŵa pakati pake, maselo ena nagumula chichereŵechereŵe, ena namanga fupa ndi mchere wa kashiamu. Ntchitoyi imayamba cha m'mlungu wachisanu ndi chitatu, mluza uli wotalika pafupifupi masentimita 3 okha.

Ntchito imeneyi siitha pobadwa. Khanda limakhala ndi mafupa oposa 270, ndipo ena amadzalumikizana kufikira atatsala 206 mwa munthu wamkulu. Kumapeto kwa mafupa aatali kumatsala kagawo ka chichereŵechereŵe kamene kamatalikitsa mwana mpaka msinkhu utakwana. N'chifukwa chake usipa, matemba ndi bonya, zimene timadya ndi minga yomwe, pamodzi ndi masamba monga bonongwe, n'zofunika kwa mayi woyembekezera ndi kwa mwana yemwe. Kuwothera dzuŵa nakonso kumathandiza thupi kulandira kashiamu.

Mafupa apamwamba a chigaza amatsata njira ina. Iwo amapangika m'kati mwa nembanemba, osadzera m'chichereŵechereŵe, ndipo pobadwa amakhala asanakumane. Mpata wotsalawo ndiwo liwombo. Mpata umenewu umalola mutu kupanikizika podutsa njira yobadwira, ndiponso umapatsa malo bongo umene ukukula msanga. Liwombo laling'ono la kunkhongo limatsekeka m'miyezi 2 kapena 3, ndipo lalikulu lakutsogolo limatsekeka lokha, kaŵirikaŵiri pakati pa miyezi 12 ndi 18, popanda mankhwala alionse. Koma likaloŵa m'kati mwana akutsekula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Mwanayo ayamwitsidwe, amwetsedwe madzi a ORS, ndipo apite naye kuchipatala msanga. Likatukumuka mwana ali chete, thupi lili lotentha, angakhale matenda oumitsa khosi, ndipo imeneyo ndi ngozi yosayembekeza kuti kuche. Kumata mankhwala pamutu nthaŵi zoterezi kumangotayitsa maola amene akanapulumutsa moyo. Kwa ife a ku Soche, chipatala cha Zingwangwa ndi cha Gulupu sizili kutali.

Kufeŵa komweku ndiko kumapereka mwayi kwa ana obadwa ndi mapazi opindikira m'kati, amene amakhala pafupifupi mmodzi mwa ana 1,000 alionse. Dokotala Ignacio Ponseti, amene ankagwira ntchito ku Iowa m'dziko la America, anaona kuti popeza phazi la khanda likadali lofeŵa, lingawongoledwe ndi manja ndi kuikidwa m'chikhakha chosinthidwa mlungu ndi mlungu. Pambuyo pake kaŵirikaŵiri amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, ndipo mwana amavala nsapato zapadera pogona kwa zaka zingapo. Chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 2002, chimathandiza ana otere. Mwana wotengedwa ali wakhanda amadzayenda ngati anzake, koma wobisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi kapena kuopa zonena za anthu, mafupa ake amakhwima ali opindika, ndipo pamenepo pamafunika opaleshoni yaikulu.

Makolo athu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Agogo apitirize kusisita liwombo ndi kuyang'ana mapazi a mdzukulu monga mwa kale. Koma akaona chachilendo, akhale iwo oyamba kumangira mayi mwana kumsana ndi kumperekeza kuchipatala.