"Inu" ndi "Iwe": Ubale wa Ampangankhani m'Nkhani Yaifupi

Wophunzira akafunsidwa pa mayeso a Chicheŵa kuti afotokoze ubale wa ampangankhani aŵiri, kaŵirikaŵiri amafunafuna pamene mlembi wanena poyera kuti anthuŵa amakondana kapena amadana. Akapasoŵa amataya mtima, nalemba zongopeka. Buku lalitali monga Nthondo, limene Samuel Yosia Ntara anatulutsa mu 1933, lili ndi malo otambasulira moyo wonse wa munthu. Nkhani yaifupi ilibe malo otero, choncho mlembi amabisa ubalewo m'zoyankhula za ampangankhani ake.

Tiyerekeze nkhani ya Nabanda ndi mwamuna wake. Pa tsamba loyamba mayiyu akuti, "Mwabwerako, a Phiri? Madzi osamba ndakuikirani." Pa tsamba lachitatu akuti, "Iwe, ndalama za fodya wazipititsa kuti?" Mlembi sananene kuti banjali lagwedezeka, komabe woŵerenga watcheru waona kuti mfunda wachoka ndipo "inu" wasanduka "iwe". Ulemu waguga pakati pa masamba aŵiriŵa, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kupeza chimene chaugugitsa.

Koma tisafulumire kuweruza, pakuti liwu limodzi silikhala ndi tanthauzo limodzi nthaŵi zonse. Asuweni amatchulana "iwe" nanyozana mwanthabwala, chikhalirecho ndi okondana. Mayi akati kwa mwana wake wamng'ono, "Mwadzuka tsopano, bwana?" sakumulemekeza ayi, akumudzudzula chifukwa cha ulesi. Mkamwini akamayankha apongozi ake mwachidule, ali chapatali, ndi ulemu umene mwambo umafuna, si chidani. Ndipo atsibweni akalamula za mwana wa mlongo wawo bambo wa mwanayo nangokhala chete, bamboyo si wamantha: pakati pa Acheŵa mwini mbumba ndi malume.

Tsono wophunzira azidzifunsa mafunso atatu. Kodi anthuŵa akuitanana motani? Ndani akufunsa kapena kulamula, nanga ndani akungovomera? Kodi mayankhulidwe awo asinthira pati? Poyankha atchule mawu enieni amene akuchitira umboni maganizo ake.

Inu aphunzitsi, musamangolembetsa ana chidule cha nkhani. Aŵiri aimirire naŵerenge mokweza zokambirana za ampangankhani, enawo akumvetsera. Khutu limagwira mkwiyo ndi chipongwe zimene diso limadumpha.

M'gawo lotsatira tidzaona tanthauzo la mpangankhani amene wafunsidwa funso koma osayankha.