Zilonda za Pakhosi ndi Mtima wa Mwana wa Sukulu

Ife alimi tidziwa kuti mbozi ikalowa m'phesi la cimanga, mmera umaoneka wobiriwira pamene mkati mukudyeka. Momwemonso, zilonda za pakhosi zobwera ndi tizilombo ta streptococcus zikapanda kucizidwa, zingadzetse matenda otupitsa mfundo za thupi, amene pambuyo pake amawononga tizitseko ta mumtima toyendetsa magazi. Amene amagwidwa kwambiri ndi ana a zaka 5 mpaka 15, kuphatikizapo oyamba kumene sekondale.

Aphunzitsi ndiwo amakhala ndi anawa tsiku lonse, makamaka pa sukulu zogonera pomwepo. Akaona mwana akuvutika kumeza, thupi likutentha, amtumize msanga kucipatala, kumene penicillin amapha tizilomboto mtima usanakhudzidwe. Nafenso makolo, uthenga wa aphunzitsi ukatifika, tisayembekeze kuti tiyambe tatha kukolola.